Kamlonda Kolira M'kontena

1. Chipsera cha a Venancio

Kuseri kwa nyumba ya a Venancio, pafupi ndi msewu wopita ku boda ya Mwanza, kunali kontena yakale. Kale inali yobiriwira, koma dzuwa ndi mvula zinaisandutsa mtundu wosowa dzina. M'menemo ndi momwe bamboyu ankatchajira mabatire a galimoto. Anthu a kwa Nthache ndi kwa Kanduku ankabwera nawo pa njinga, atawamanga ndi mphira ngati mbuzi yopita kumsika, kuti kumudzi azikamvera wailesi ndi kuonera mpira.

Pakhomopo pankakhala Orlanda, mtsikana wa Fomu 2, mwana wa malemu mlongo wawo wa a Venancio. Pankakhalanso akazi a bamboyu, a Piedade, ndi khanda lawo Leila, la miyezi isanu ndi itatu. A Piedade ankagulitsa nthochi ndi manachesi kwa okwera maminibasi. Anali mayi wolimbikira, koma pakamwa pawo pankayaka moto. Zaka ziwiri zinali zitatha chibwerere Orlanda pakhomopo, koma iwo ankangomuitana kuti “iwe mtsikana”, ngati dzina lake limalemera.

Kudenga kwa kontena ija kunkapachikika kanthu kachikasu, kukula kwake ngati sopo wochapira, kokhala ndi kadiso kobiriwira kophethiraphethira. Dzina lake lenileni ndi sensa, koma a Venancio ankakatchula kuti kamlonda.

Loweruka lina la mwezi wa Juni kunacha ndi chiperoni. A Venancio anali pa ulendo wa kumaliro ku Zobue, tsidya la boda, ndipo pa chaja panali mabatire khumi ndi awiri. Asananyamuke anamuitana Orlanda pakhomo la kontena, namuloza chipsera chimene chinawadya tsaya lamanzere.

“Mphwanga, tayang'ana nkhope yangayi,” anatero. “Anthu amati ndi chipolopolo cha kunkhondo, ine ndimangowasiya. Si chipolopolo ayi. Tili ku kampu ya othawa nkhondo, ine ndi mnzanga Damiao tinkaphunzira ntchito kwa makaniko wina. Tsiku lina batire lili pa chaja, Damiao anafuna kuona ngati madzi akadalimo. M'chisakasamo munali kamdima, ndiye anayatsa machesi. Kamtengo kamodzi kokha! Ine ndinangomva ngati andimenya ndi thabwa. Podzuka, tsaya likupsa ndi asidi, Damiao akukwawa pansi, akufunsa kuti wazimitsa dzuwa ndani. Mpaka lero saona.”

Orlanda anachiyang'anitsitsa chipsera chija. Nkhaniyi anali asanaimvepo.

“Batire likamatchajidwa limapuma,” anapitiriza amalume ake. “Mpweya umene limatulutsa dzina lake ndi haidirojeni. Sununkha, suoneka, sutsokomoletsa. Gasi wophikira uja amakuchenjeza ndi fungo, koma uwu umabwera mwakachetechete. Ndi wopepuka, ndiye umakwera n'kukaunjikana kudenga. N'chifukwa chake ndinaboola mawindo awiri aja pamwamba, kuti uzituluka. Ukasowa potulukira, kamoto kochepa, ngakhale kuthetheka kwa waya, kontena yonseyi isanduka bomba. Mphuno yako singakuuze, maso ako sangakuuze. Amene angakuuze ndi kamlonda yekhayu. Kakamati pii, pii, mopumira, kakunena kuti mpweya wayamba kuchuluka. Kakalira mosalekeza, diso litafiira, usatole ngakhale nsapato. Tuluka, ukazimitse swichi yapanja ija, uthamangitse aliyense wokhala ndi moto. Ndipo usadzayerekeze kukatseka pakamwa. Wamva?”

“Ndamva, amalume.”

Bamboyo anavala jekete lake lakuda, nauyamba wa ku boda.

2. Nthochi zokana kupsa

Kunena chilungamo, a Piedade sanali munthu woipa. Vuto linali nthochi. Anali atapikula mikoko isanu ndi umodzi kwa Kanduku, koma chifukwa cha chisanu nthochizo zinangoti gwa, zobiriwira ngati zangodulidwa kumene. Anzawo kumsewu ankagulitsa zakupsa, iwo n'kumangowaonerera.

Tsono m'kontena munkafunda. A Piedade anali atapemphapo kangapo kuti azivundikiramo nthochi, koma amuna awo ankakana kwamtuwagalu. Lero mwini kontena kunalibe.

“Iwe mtsikana, tandinyamulitsa,” anaitana jekete lakuda lija litangokhota pa msewu.

“Azakhali, amalume amakaniza.”

“Amalume akowo amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Nyamula!”

Anazilowetsa nthochi zija n'kuzifunditsa masaka. Atatero a Piedade anayang'ana m'mwamba, naona mphepo ikulowera pa mawindo awiri aja. Anatuluka, nakwera pa mpando, nawatseka ndi masaka anyowa, akukanikiza ndi chigongono kuti pasatsale ndi kampata komwe. Nthochi imafuna pofunda ndi potseka, zimenezo anazidziwa kuyambira ali kamtsikana. Zoti batire limafuna kupuma, anali asanazisamalepo.

Orlanda anaona zonse. Anatembenuka n'kubwerera ku ntchito zake. Munthu ukamakhala pakhomo pa eni umaphunzira kumeza zambiri.

Dzuwa litafika pa liwombo, ngakhale kuti silinkaoneka, kunamveka kamawu kuchokera m'kontena.

Pii. Pii. Pii.

Mtsikanayo anali kutsuka mbale. Atamva kamawuko, mbale inamupulumuka. Leila, amene anali atangogona kumene, anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

“N'chiyani chikulira ngati mwapiye wotayika?” anafunsa a Piedade akutuluka m'nyumba.

“Ndi kamlonda, azakhali. Kakunena kuti mpweya wachuluka. Tichotse masaka aja, tizimitse chaja.”

“Uzimitse chaja? Eni mabatire akabwera madzulo uwauza chiyani? Mita ya magetsi m'nyumbamu siimaliranso chonchi mayuniti akatsala pang'ono? Timangodina batani n'kukhala chete. Anafapo ndani? Zinthu za azungu zimangokonda kulira basi. Kakachotse, kakundidzutsira mwana.”

“Koma amalume anati…”

“Pakhomo pano panopa wamkulu ndani? Ine kapena kasopo kako kachikasuko?”

Orlanda anawerama. Analowa m'kontena. Munali kutentha, ndipo mabatire ankamveka kubwata chapansipansi ngati phala lili pa moto wochepa. Ananunkhiza, koma sanamve kanthu koposa fungo la masaka ndi utomoni wa nthochi. Anakwera pa benchi, nakapachula kamlonda. Atatuluka anakachotsa timabatire take tiwiri, kadiso kaja n'kuzima. Zonse anaziponya m'thumba la juzi yake.

“Waona? Nkhani yatha,” anatero a Piedade, akukankha chitseko cha kontena.

Pakhomo panakhaladi bata. Koma kwa Orlanda bata limenelo linali loopsa kuposa kulira kuja, chifukwa ankadziwa kuti m'katimo mpweya ukuchulukirabe, ndipo wonena palibenso.

3. Mbaula

Maola atatu anadutsa. Orlanda anayesa kuwerenga, koma zilembo zinkangoyendayenda. Anayesa kuimbira amalume ake, koma foni yawo sinkapezeka tsidya lija. Pomaliza anatenga beseni n'kuyamba kuchapa yunifolomu yake pafupi ndi chingwe choyanikira, maso ali pa kontena.

Apa ndi pamene anamva fungo la makala.

A Piedade anali pakhonde, akupemerera mbaula ndi chivundikiro cha poto. Makala atafiira, anaikapo masamba anyowa a nthochi, ndipo panafuka chiutsi choyera.

“Azakhali, mukufuna kuphika?” anafunsa Orlanda.

“Kuphika chiyani nthawi ino? Kwathu nthochi timavundikira m'dzenje n'kupemereramo utsi. Masiku awiri zapsa psuu. M'kontenamo ndiye zichita kufulumira.”

Anamukhwimitsa Leila kumbuyo ndi chitenje, nanyamula mbaula ndi zisanza ziwiri, nauyamba wa kukontena. Kamutu ka Leila kankagwedezeka, kachipewa kofiira kali pendeke. Mwanayo anamuona Orlanda n'kumusekerera, timano tiwiri tili mbee.

Mantha amene anamugwira mtsikanayo sanali ngati a masana aja. Aja anali mantha oopa kukalipiridwa. Awa anali oona mwana akutengedwa kupita ku imfa, akuseka.

Anadzuka ndi beseni lomwe, nathamanga, nakaima pakhomo la kontena.

“Azakhali, musalowe.”

“Choka apo.”

“Chonde, azakhali, ndagwira mwendo. Mukalowa ndi motowo mufa. Leila afa.”

“Ukunditemberera? Mwana wanga ukumutchulira imfa? Ndati choka!”

A Piedade anaponya phazi lina. Mphepo inauluza timoto tiwiri kuchoka pa mbaula, n'kudutsa paphewa la Orlanda. Mtsikanayo sanaganizenso. Anakweza beseni lija n'kukhuthulira madzi onse a sopo pa mbaula.

Tswiii! Nthunzi ndi phulusa zinabuka. Mbaula inagwa pansi, makala akuda n'kumwazika. Chitenje cha a Piedade chinanyowa kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, ndipo yunifolomu ya Orlanda inagwera m'matope.

Mbama imene inatsatira inamveka mpaka kumsewu.

Orlanda anaona nyenyezi masana, koma sanaime. Anazungulira kontena, nafika pa mtengo pamene amalume ake anakhomapo swichi, kutali ndi chitseko, naigwetsa. Kung'ung'uza kwa chaja kunaleka.

4. Nsungwi yochirikiza chingwe

Pa Mwanza mkangano suchedwa kupeza mboni. Posakhalitsa pakhomo panali amayi anayi, akabaza awiri, ndi a Zakeyu, mkulu womata matayala kutsidya kwa msewu. Mkuluyu anabwera ndudu ili pakamwa.

“A Zakeyu, zimitsani fodyayo!” anakuwa Orlanda, atatambasula manja. “Imani komweko, musayandikire!”

Anthu anagwira pakamwa. A Zakeyu anaima, osati chifukwa chomvera, koma chifukwa chodabwa. Anaipsinja ndudu ija ndi zala n'kuipana kukhutu.

“Mwaona?” anatero a Piedade, misozi ya mkwiyo ili m'maso. “Wandithira madzi a sopo ngati galu, pamaso pa dziko lonse. Pano akulamula ndi amuna omwe.”

A Zakeyu anakonza kukhosi.

“Mwanawe,” anayamba, “ine ndakhala pa msewu uno zaka makumi atatu. Amalume ako anabwera ndikuwaona, atanyamula kachikwama kamodzi. Mayi awa amadzuka kusanache kuti iwe udye, upite kusukulu. Sukuluyo ikakupatsa nzeru, isakulande ulemu. Munthu wamkulu akalakwitsa umamuuza utagwada, sumuthira madzi. Lero wathira azakhali ako, mawa uthira aphunzitsi, mkuja apongozi. Udzakhala ndi ndani? Ndipo gasi amene ukunenayo ali kuti? Ine ndimagwira ntchito ndi petulo, ndi guluu, ndi zonse zoyaka. Chinthu choyaka chimanunkha.”

Anapita pachitseko, nachitsegula pang'ono, nalowetsa mphuno. Anakoka mpweya kawiri, natembenuka.

“Nthochi basi,” analengeza. Akabaza aja anaseka.

Orlanda anasowa pogwira. Tsaya linkamuyaka, ndipo anthu onse ankamuyang'ana ngati wapenga. Chinthu chosaoneka, chosanunkha, ungachiloze bwanji? Kenaka dzanja lake linagunda thumba la juzi.

Anapita kutali, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, nabwezeramo timabatire tija. Kadiso kanaphethira, kobiriwira. Anazula nsungwi yochirikiza chingwe choyanikira, namangirira kamlonda kunsonga kwake ndi lamba wa yunifolomu.

“Onani, kunja kuno kali chete,” anatero. “Tsopano sunthani.”

Anaima chapatali, nalowetsa nsungwi ija pachitseko, chapansi, pafupi ndi nthochi.

Pii. Pii.

“Si kulira komwe kuja uku,” anatero a Piedade. “Mayuniti.”

Orlanda anayamba kukweza nsungwi pang'onopang'ono. Kulira kunayamba kuthamanga. Pii-pii-pii-pii. Nsonga itafika kudenga, kamlonda kanang'amba mawu amodzi aatali, osapumira, obaya m'makutu, ndipo m'kamdima ka m'kontenamo munaoneka kadiso kofiira ngati khala la moto.

Palibe anauza mnzake kuti thawa. Amayi aja anali kale kuseri kwa nyumba, ndipo wakabaza mmodzi anasiya njinga yake ili gone. A Zakeyu, a zaka makumi atatu pa msewu aja, anaichotsa ndudu kukhutu, naiponya m'chithaphwi, naipondaponda ngakhale inali yozima kale.

Orlanda anatsitsa nsungwi, kulira n'kuchepa. Anaikwezanso, kulira n'kubwerera. Anaitulutsa panja, ndipo patapita kanthawi kadiso kanabiriwira.

“Mpweya uja uli kudenga,” anatero ndi mawu otsika. “Amalume anati kakalira chonchi, usatole ngakhale nsapato.”

A Zakeyu anapukuta thukuta, kunja kukuzizira chonsecho.

“Tichite chiyani, mwanawe?” anafunsa. Ulendo uno mawu awo analibe ulaliki.

“Masaka aja achoke. Chitseko chikhale chotsegula. Aliyense asayatse kanthu.”

Mkuluyo anatenga nsungwi ina, nakokera masaka aja pansi ali panja. Kenaka onse anakaima kumsewu, kudikira. Panatha pafupifupi ola lathunthu kuti kamlonda kafike kudenga osalira.

5. Mapazi atatu

Anthu atabalalika, Orlanda anawapeza a Piedade ataima pamene panagwera mbaula. Ankayang'ana makala anyowa aja, n'kuyang'ana chitseko. Kenaka anayenda, akuwerenga chamumtima. Kuchoka pa mbaula kufika pachitseko panali mapazi atatu okha.

Anakhala pansi m'matope momwemo, namasula chitenje, namubweretsa Leila kutsogolo. Anamugwira timanja, timiyendo, timakutu, ngati akuona ngati zonse zilipo.

“Meu Deus,” ananong'ona, kuitana Mulungu m'chilankhulo cha makolo awo. “Ndikanamupha ndekha. Chifukwa cha nthochi.”

Orlanda anagwada pambali pawo, misozi imene anaigwira tsiku lonse n'kuyamba kutsika.

“Wolakwa ndine, azakhali. Amalume anandiuza kuti ndisakatseke pakamwa, koma ndinakachotsa ndi manja angawa. Ndikanakana masana paja, sizikanafika apa. Ndinaopa.”

“Unaopa ine,” anatero a Piedade. Anakweza dzanja lomwe lija, ndipo Orlanda anatsinzina. Koma dzanjalo linangofika pa tsaya lotupa lija n'kukhala pomwepo, lozizira.

Mwadzidzidzi mayiyo anauma thupi. Maso anatong'oka.

“Maureen!”

“Ndani, azakhali?”

“Maureen, mnzanga wogulitsa naye nthochi uja. Amuna ake a Timoti amatchajanso mabatire kwa Nthache, m'kachipinda kopanda ndi windo lomwe. M'mawa uja ndinamuimbira, kumuuza kuti ndapeza nzeru. Ndinamuuza ine, ndi pakamwa pangapa, kuti alowetse nthochi, atseke paliponse, dzuwa likapendeka aikemo mbaula.”

“Ali nako kamlonda?”

“Akatenga kuti?”

A Piedade anasolola foni pachifuwa, naimba. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, koma ulendo uno sinalowe n'komwe. Onse awiri anayang'ana kumadzulo. Chiperoni chinali chitang'ambika pang'ono, ndipo dzuwa linkaoneka, litayamba kale kutsetsereka kumapiri a ku Mozambiki.

Mayiyo anadzuka, mwana ali m'manja, nathamangira m'nyumba. Anatuluka akukoka njinga ya a Venancio ndi dzanja limodzi, njinga imene Orlanda anali asanaloledwepo kuikhudza. Anamasula okha kamlonda ku nsungwi, nakaika m'thumba la juzi ya mtsikanayo, nakanikiza thumbalo kuti kasagwe.

“Ukafika pa mjigo ukhotere kumanzere, nyumba ya chitseko chabuluu. Akakana kukumvera, umuthire madzi. Ukamuuze kuti ndakutuma ndine.”

Orlanda anakwera njinga, phazi lili pa pedulo.

“Orlanda,” anaitana a Piedade. “Thamanga, mwana wanga.”

Mtsikanayo anapalasa. M'thumba mwake kadiso kobiriwira kankaphethira, ndipo kutsogolo kwake, kumidzi ya kwa Nthache, utsi wa madzulo unali utayamba kale kukwera pa madenga.